FODYA ALI NDI OMUFUFUZA, NANGA LILIME LA MWANA?

Mlimi wa kwa Njombwa akagulitsa fodya wake ku msika wa Chinkhoma, pa ndalama zake pamadulidwa kangachepe kopita ku ARET, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1995 kuti lizifufuza za mbewuyi. Kotero tsamba likachita mawanga, wofunsidwa alipo. Koma mwana wa mlimi yemweyo akafika zaka zitatu asanalumikize mawu awiri, agogo ake amangoti, "Musiyeni adzayankhula, atate akenso anachedwa."

Nthawi zina agogowo amalondola. Nthawi zina kuchedwako kumachokera ku khutu lotuluka mafinya, malungo a mu ubongo, kapena kupinimbira, kumene kafukufuku wa 2015-16 anakupeza pa ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi.

Si kuti ntchito sinachitikepo. Mu 2010 Dr Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza muyeso wotchedwa MDAT, woyesera kuyenda, kugwira zinthu, kuyankhula ndi kukhala bwino ndi ena. Anaukonza poona kuti miyeso ya ku Ulaya inali kufunsa mwana wa kumudzi za zinthu zimene sanazionepo, ndipo anauyesa pa ana oposa 1,400 a m'chigawo cha kummwera. Komabe kafukufuku wotere amatsamira kwambiri pa thumba la kunja, monga la Wellcome ya ku London limene limathandiza asayansi ku Blantyre. Tsono mwini thumba ndiye amasankha funso, ndipo kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kunasonyeza kuti thumba lotere likhoza kumangidwa usiku umodzi.

Chikhalirecho Kasungu ali ndi funso lakelake. M'maesiteti a fodya mwana wa tenanti amamva Chiyao kapena Chilomwe kwa amake, Chichewa pabwalo, penanso Chitumbuka. Zinenero zambiri sizichedwetsa mwana, koma woyesa amene awerenga mawu a Chichewa okha adzamuyesa wochedwa mwana wabwinobwino, pamene wochedwadi adzabisala m'mawu akuti "wasokonezeka ndi zinenero."

Maiko a mu African Union anagwirizana kupatula gawo limodzi mwa 100 a chuma chawo kuti lipite ku kafukufuku, ndipo Malawi ali nalo bungwe la National Commission for Science and Technology loyenera kuwongolera ntchitoyi. Kangachepe ka ndalamazo kadakwanira kuyamba kuyesa ana m'sukulu za mkombaphala za kwa Njombwa. Pakali pano woyamba kuzindikira vutoli kawirikawiri ndi mphunzitsi wa Sitandade 1, mwanayo atafika kale zaka zisanu ndi chimodzi.