Kodi Agogo Tiwapatse Galu Wotani?

Pa tchuthi chapitachi kwathu kunabuka mkangano, ndipo ndifuna kuutula pamaso panu, aphunzitsi ndi anzanga, pakuti ambiri a ife tili ndi agogo amene tinawasiya kumudzi. Agogo anga aakazi akhala okha chimwalirire agogo aamuna. Maso awo afooka, ndipo ayenda ndi ndodo. Usiku wina akuba anawatengera nkhuku zisanu, iwo osamva kanthu. Amalume, amene agwira ntchito ku Johannesburg, atamva zimenezi anati atumiza ndalama kuti tigule galu wamkulu wachizungu, uja atchedwa Alsatian kapena German Shepherd. Onse anaomba m'manja. Ine ndekha ndinakana, ndipo amayi anandidzudzula kuti mwana satsutsa malume ake. Tsono imvani zifukwa zanga.

Poyamba tiyang'ane mphamvu. Mtundu umenewu unakhazikitsidwa ku Germany m'chaka cha 1899 ndi msilikali wina dzina lake Max von Stephanitz, ndipo ntchito ya agaluwo inali kubusa nkhosa tsiku lonse. Wamphongo akakula alemera makilogalamu 30 kufikira 40. Galu wotere afuna kuthamanga tsiku ndi tsiku, afunanso munthu wa dzanja lolimba womuphunzitsa mwambo. Akangowalumphira agogo, ngakhale mwa chikondi chabe, iwo ali pansi, ndipo tidziwa tonse kuti fupa la munthu wokalamba likathyoka lichedwa kulumikizana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri ndi mimba yake. Galu wamkulu chotere adya pafupifupi kawiri kuposa galu wakumudzi, ndipo afuna ndiwo zokwanira. M'mudzi mwathu momwemo bambo wina wokalamba anapatsidwa galu wotere ndi mwana wake wa m'tauni. Miyezi yoyamba thumba la chakudya linkabwera, koma pambuyo pake linaleka. Galu uja anayamba kudya mkute wokha, nthiti zinaonekera, ubweya unasosoka. Tsiku lina anadula chingwe napha anapiye a eni, ndipo mkulu uja anakalipira mlandu kwa amfumu. Mphatso inasanduka katundu.

Chifukwa chake ine ndinena kuti galu woyenera agogo ndi galu wathu wakumudzi, yemwe uja timunyoza. Thupi lake ndi lapakati, ubweya ndi waufupi kotero kuti nkhupakupa ndi utitiri zioneka msanga, ndipo dzuwa la mwezi wa October analizolowera kuyambira makolo ake. Ena adzati galu wotere saopsa mbala. Koma agogo safuna msilikali, afuna belu. Mbala iopa phokoso lodzutsa mudzi, ndipo galu wakumudzi akauwa, anansi adzuka.

Ndiponso tisawatengere kamwana ka galu. Kamwana katafuna nsapato, kazungulira m'miyendo, ndipo kangathe kugwetsa munthu woyenda ndi ndodo. Tisankhe galu wa chaka chimodzi kapena ziwiri, wofatsa, amene make timdziwa khalidwe lake. Suja amati galu wamkota sakandira pachabe? Ngati ali wamphongo, alangizi a ziweto amthene kuti asamayendeyende; ngati ali wamkazi, amtseke kuti agogo asadzasauke ndi ana asanu ndi mmodzi pakhonde.

Koma pano ndidzudzule mwambo wathu womwe. Ambiri tiganiza kuti galu wakumudzi adzidyetsa yekha kudzala. Iyayi! Galu wanjala ndiye wakuba mazira. Monga tiphunzira m'kalasi, nsima ikhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma simanga thupi payokha. Agogo angathe kumphikira phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa wosinja kapena ufa wa soya wokazinga, ndi kuonjezapo dzungu lophika. Adye kawiri pa tsiku m'mbale yakeyake, ndipo madzi oyera akhalepo nthawi zonse pamthunzi. Mafupa a nkhuku ophika asapatsidwe, pakuti asweka mosongoka ndi kubaya matumbo. Anyezi ndi adyo aononga magazi a galu, ndipo chokoleti chimene ife tichikonda kwa iye ndi poizoni. Aja amene adyetsa galu tsabola kuti akhale waukali angochita nkhanza.

Chachikulu koposa ndi katemera wa chiwewe. Louis Pasteur anayamba kupulumutsa anthu ku nthendayi ndi katemera m'chaka cha 1885, koma kufikira lero ikupha anthu, makamaka ana, ndipo mwa odwala 100 pafupifupi 99 aitenga kwa galu. Akatswiri anapeza kuti pakatemeredwa agalu 70 mwa 100 alionse, nthendayi ileka kufala, ndipo ndiyo ntchito imene bungwe la Mission Rabies linayamba ku Blantyre m'chaka cha 2015. Galu abayidwe akafika miyezi itatu, ndiponso chaka chilichonse. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nathamangire kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti zizindikiro zikaoneka palibenso mankhwala. Agogo sangayende ndi galu kupita kokatemera. Imeneyo ndi ntchito yathu adzukulu.

Potsiriza, galu wosamalidwa bwino akhala zaka khumi kapena kuposapo. Tisanampereke, banja ligwirizane amene adzamtenga agogo akadwala, ndi amene adzagula usipa mwezi ndi mwezi. Galu adzagona pakhomo ndi kuwaperekeza kumunda, inde, koma sangatunge madzi, sangawerenge kalata, sangalowe m'malo mwa mdzukulu.

Ine ndawalembera amalume mwaulemu, kuwapempha kuti ndalama ya Alsatian imange khola lolimba la nkhuku, yotsalayo igule usipa wa galu wofiira amene azakhali alonjeza kupereka. Yankho silinafike, ndipo mwina adzandiyesa wamwano. Koma anzanga, mukapita kwanu pa tchuthi chikubwerachi, kayang'aneni galu wa agogo anu: kodi nthiti zake zioneka, ndipo kodi anabayidwa liti?

Wophunzira wa Fomu 3