ZA PA MPHALA: Cimene Cimakondweretsa Injiniya wa Makina

Sabata ino ndalandira kalata yocokera kwa bambo wina wa ku dera la Katete, mlimi wa cimanga ndi thonje. Mwana wao wamwamuna watsiriza Grade 12 ndipo wakhoza bwino, makamaka masamu. Atatewo afuna kuti mnyamatayo akaphunzire zowerengera ndalama, kuti tsiku lina adzakhale mu ofesi atabvala tayi. Koma mwana wakana kwamtuwagalu, ati mtima wace uli pa uinjiniya wa makina. Tsono pakhomo pasowa mtendere.

"Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti mwana ameneyu aphunzire," atero bambowo m'kalata yao. "Kodi adzapezamo cimwemwe canji m'nchito ya zitsulo ndi girisi, nchito imene ena aigwira pansi pa mtengo osapitako ku sukulu?"

Funso lanu, Bambo, ndi la makolo ambiri, ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa, pakuti ng'ombe ziwiri si cinthu coseweretsa.

Poyamba tisiyanitse anthu awiri amene kumudzi timawaika m'gulu limodzi. Pali makanika, palinso injiniya. Onse awiri ndi ofunika ndipo amadalirana, koma nchito zao zisiyana. Tiyerekeze kuti lamba wa cigayo waduka. Makanika waluso adzabwera ndi lamba wina, namkoleka bwino, cigayo nkuyambanso kulira. Koma lambayo akamaduka mwezi ndi mwezi, pafunika munthu wofunsa kuti, "Cifukwa ciani?" Munthuyo ayesa ngati magudumu awiri amene lamba amazungulirapo ali olunjikana, awerengera liwiro la injini ndi mphamvu imene nyundo za m'cigayo zifuna kuti ziphwanye cimanga, kenaka alemba cimene ciyenera kusinthidwa kuti bvutolo lisabwerenso. Ameneyo ndiye injiniya. Nchito yace yaikulu iri m'mutu, pa pepala ndi pa kompyuta, ngakhale kuti injiniya weniweni saopa kudetsa manja. Pa Yunivesiti ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, maphunziro amenewa amatenga zaka zisanu.

Nanga cimamkondweretsa munthu wotere nciani? Funso limeneli linafufuzidwapo kale. Mu 1959 katswiri wina wa ku America, dzina lace Frederick Herzberg, pamodzi ndi anzace awiri, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu pafupifupi 200 a m'makampani a ku dera la mzinda wa Pittsburgh. Anthuwo anali a nchito ziwiri zokha, ndipo ndi zomwezo zimene mukukanganirana ndi mwana wanu: mainjiniya ndi owerengera ndalama. Aliyense anapemphedwa kuti asimbe za nthawi imene anakondwa koposa pa nchito yace, ndi za nthawi imene anawawidwa mtima koposa.

Posimba za masiku oipa, anthuwo anachula kwambiri zinthu zozungulira nchito: malamulo a kampani osamveka, akapitao obvuta, malo oipa ogwiriramo, ndi malipiro amene anawaona kuti sanali acilungamo. Koma posimba za masiku okoma anachula zina: tsiku limene anagonjetsa nchito yobvuta, tsiku limene luso lao linazindikiridwa, kukoma kwa nchito yeniyeniyo, kupatsidwa udindo, ndi kukwera pa nchito. Motero Herzberg anaphunzitsa kuti malipiro abwino amacepetsa madandaulo, koma paokha sabweretsa cimwemwe cokhalitsa. Akatswiri ena a pambuyo pace anatsutsako mbali zina za ciphunzitsoci, komabe mlimi aliyense angamvetse phata lace. Ndalama za thonje zimakondweretsa tsiku la msika. Koma cimene cimakuimitsani m'mphepete mwa munda madzulo, manja ali kumbuyo, ndico kuona mbeu zokoma m'mizere yowongoka imene munalima nokha.

Kuti tione cimwemwe ca injiniya ndi maso athu, tisapite kutali. Tiyeni pa mjigo pomwe amai amatunga madzi m'mawa uliwonse, pakuti citsulo cimeneco ciri ndi mbiri yace.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku India kunagwa cilala coopsa, ndipo zitsime zakuya zambiri zinakumbidwa ndi makina m'midzi. Mijigo imene anaikapo inali yotengera ya ku Europe ndi ku America, yopangidwira banja limodzi lotunga kangapo pa tsiku. Koma ku India mjigo umodzi unkapopedwa ndi mudzi wonse kuyambira mbandakuca kufikira usiku, motero yambiri inafa msanga. M'zaka za m'ma 1970 mainjiniya a m'dzikomo, mogwirizana ndi bungwe la UNICEF, anapanga mjigo wolimba woyenera khamu la anthu, naucha dzina lakuti India Mark II. Ndiwo uja wa mpini wautali ndi cheni m'kati mwa mutu wace, umene uli pa zitsime zambiri za m'midzi yathu.

Mjigo umenewu ndi wolimba ndithu, koma uli ndi bvuto lace. Cipangizo cimene cimakankha madzi, cochedwa silinda, cimakhala pansi m'madzimo, ndipo ndi cacikulu kuposa mipope imene madzi amakweramo. Kamphira kakang'ono ka m'kati mwace kakatha, muyenera kuzula mipope yonse yacitsulo, uliwonse wotalika mamita 3. Pa citsime cakuya mamita 30 ndiye kuti mipope 10, yolemera ndi madzi, nchito yofuna amuna angapo, zida zapadera ndi munthu wophunzitsidwa. Amenewa akasowa, amai amabwerera ku dambo ndi ku mtsinje, ana nkuyamba kutsegula m'mimba, cifukwa ca kamphira kocepa kolowa m'dzanja.

Kukanakhala kwapafupi kunena kuti anthu akumidzi ndi osasamala, nkhani nkuthera pomwepo. Koma mainjiniya ena anafunsa funso lija lakuti, "Cifukwa ciani?" Anaona kuti makina alionse amafa, ndipo coipa ndi makina amene eni ace sangathe kuwadzutsa. Bungwe la United Nations linali litapatula zaka za 1981 mpaka 1990 kukhala zaka za madzi abwino ndi ukhondo, ndipo kuciyambi kwa zaka zimenezo, kwa anansi athu ku Malawi, kunayambika nchito yopanga mjigo woti anthu a m'mudzi azikonza okha. Nchitoyo inapitirizidwa ku Kenya mpaka kunabadwa mjigo wochedwa Afridev. Nzeru yace ndi iyi. Mipope ndi yapulasitiki, siicita dzimbiri, ndipo ndi yotakata kotero kuti za m'kati mwa silinda zimasololedwa nkutulukira pamwamba, mipope iri cikhalire m'malo mwace. Anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa pang'ono, amuna kaya akazi, ali ndi sipanala imodzi ndi kambedza kokowera, angathe kusintha timphira tsiku lomwelo, madzi nkutulukanso dzuwa lisanalowe. Mjigo umenewu umatunga madzi akuya kufikira mamita 45.

Taganizani, Bambo, za anthu amene anagwira nchito imeneyi. Anayesa, zinakanika, anasintha, nayesanso, kwa zaka zingapo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Maina ao sanalembedwe pa mjigo, ndipo amai amene amatunga sawadziwa. Koma lero m'maiko ambiri a mu Africa muli midzi imene ikumwa madzi abwino cifukwa ca nzeru imene anthuwo anaipeza. Apa ndi pamene pagona cimwemwe ca injiniya wa makina: cinthu cimene anaciganiza m'mutu mwace cikugwira nchito m'manja mwa anthu amene sadzakumana nao, iye mwini ali kutali.

Palinso cina. Makina sanyengerera munthu. Kalata yolakwika ingathe kugona m'kabati zaka zambiri popanda woiona, koma mjigo ukapanda kutulutsa madzi, ngakhale mwana wamng'ono aona. Citsulo sicidziwa kuti uyu ndi mwana wa mfumu kapena wa mphawi. Cimangomvera amene wawerengera bwino. Ncifukwa cace injini yomwe inakhala cete ikalira, injiniya safuna womuuza kuti wacita bwino, wadzimvera yekha ndi makutu ace. Anthu ambiri amagwira nchito moyo wao wonse osaona cipatso cace poyera cotere.

Cacitatu ndi kudaliridwa. Njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975, pamene njira zathu za kum'mwera zinali pa mabvuto cifukwa ca boma la Ian Smith ku Rhodesia. Kuyala njanji kunatha, koma kusamala sitima sikutha, ndipo ku Mpika kunamangidwa malo okonzerako mitu ya sitima ndi mabogi. Injiniya amene abvomereza kuti mabuleki ali bwino, sitima inyamuke, wasenza miyoyo ya anthu mazanamazana amene agona tulo m'mabogimo osamdziwa. Ndi katundu wolemera, koma munthu amene wamkhulupirira cotere amayenda modziwa kuti ali ndi phindu pa dziko. Ndipo sausenza yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pambali pace pali amakanika, owocherera zitsulo ndi osula, ndipo injiniya wanzeru amaphunzira zambiri kwa akuluakulu amenewa, amene amadziwa matenda a injini pongomva kulira kwace.

Sindifuna kukubisirani zowawa, Bambo, pakuti walira mvula walira matope. Maphunziro ace ndi obvuta, ndipo amene saumirira masamu amagwa panjira. Atatsiriza, nchito siipezeka msanga nthawi zonse. Ndipo akaipeza, zokhumudwitsa zace ndi zomwe zija anachula anthu a ku Pittsburgh. Palibe cimamuwawa injiniya koposa kuona makina abwino akudyedwa ndi dzimbiri cifukwa palibe ndalama zogulira kacitsulo kamodzi, kapena kucenjeza mkulu wa pa nchito kuti makina afunika kupumula ndi kukonzedwa, mkuluyo nkukana, ndipo makinawo akafa mlandu nkugwera iye. Ena akakwezedwa amacotsedwa pa makina nkumangokhala pa misonkhano, malipiro akwera koma mtima uli kwina. Enanso amatopa nkupita kukagwira nchito ku maiko akunja. Eni makampani ndi akulu a maofesi amvetse ici: mukafuna kusunga injiniya, mlipireni bwino, komanso mpatseni zida, mpatseni bvuto lenileni loti alimbane nalo, ndipo mverani mau ace.

Tsono malangizo anga ndi awa. Musamkanize mwanayo, ndiponso musangombvomera. Muyeseni. Pa miyezi imene akuyembekeza kuitanidwa ku sukulu, mtumizeni azikathandiza mwini cigayo, wokonza njinga pa msika, kapena wokonza mijigo wa m'dera lanu. Inu muzimpenyerera. Ngati abwera madzulo akudandaula za girisi ndi kutopa, ndiye kuti anangokonda dzina lakuti injiniya, ndipo mukhale naye pansi muganizirenso. Koma ngati abwera ali bii, nsima nkuzizira iye akufotokoza cifukwa cimene cheni ya njinga imagwera kawirikawiri, dziwani kuti mwanayo wapeza munda wace. Kuwerengera ndalama ndi nchito yaulemu, ndipo amene aikonda amapezamo cimwemwe comweco ca nchito yolongosoka. Koma munthu womkakamiza kukhala pa mpando umene saufuna amalandira malipiro mwezi ndi mwezi mtima uli wakufa. Mau omwewa apite kwa makolo a ana akazi: mtsikana wokhoza masamu ndi wokonda kumasula zinthu musambweze ponena kuti zitsulo nza amuna.

Ndipo ife tonse tiri ndi gawo lathu. Mjigo wa m'mudzi mwanu unaganiziridwa ndi anthu amene anafuna kuti ukhalitse. Pakani girisi pa cheni, mangani mabauti akamasuka, letsani ana kulendewera pa mpini ndi kuumenyetsa pansi, ndipo perekani cangacepe canu ku komiti ya madzi kuti kamphira kakatha pasakhale kusowa. Mukamva kulira kwacilendo, itanani wokonza mjigo usanafe.

Bambo a ku Katete, ng'ombe zanu ziwiri sizinataike. Mudzandilemberenso kuti mwana wanu wabwera bwanji kucokera ku cigayo. Tikumanenso pa mphala sabata yamawa.