CHIPATALA CHOKHOMA CHIFUNA MTSOGOLERI WOYENDA M'WODI

Pali gulu la anthu limene sitilitchula kaŵirikaŵiri tikamakamba za zipatala kapena za mabwalo a milandu. Aŵa ndi anthu amene anabadwa ndi nzeru zopereŵera, kapena nzeru zawo zinaleka kukula akali aang'ono, ndipo atakula anapalamula mlandu: wina anatentha nyumba, wina anavulaza mnzake, wina anagwira mwana mosayenera. Anthu otere si amisala ai, ngakhale kuti ambiri a ife timasokoneza ziŵirizi. Misala imatha kuchepa ndi mankhwala, koma kupereŵera nzeru munthu amakhala nako moyo wake wonse, ndipo chimene chimamthandiza ndicho kuphunzitsidwa moleza mtima, osati jekeseni. Lero tifuna kuona m'mene dziko la Britain lasungira anthu ameneŵa, popeza m'zolakwa zake muli phunziro kwa aliyense amene anapatsidwa udindo woyang'anira anzake.

Ku England ndi ku Wales, lamulo la matenda a maganizo la 1983 linapatsa woweruza mphamvu yotumiza wopalamula wotere ku chipatala chokhoma m'malo mwa kundende. Mphamvu imeneyi iri m'gawo 37. Woweruza akaona kuti munthuyo angavulaze anthu, amawonjezapo gawo 41, ndipo zikatero munthuyo sangapite ngakhale kukacheza kwao popanda chilolezo cha Unduna wa Zachilungamo. Poyamba zimamveka ngati chifundo, ndipo ndi chifundodi. Koma tiyeni tiganize mofatsa. Mkaidi amaŵerenga masiku, amadziŵa tsiku limene adzatuluke. Munthu wa gawo 41 alibe tsiku. Kutuluka kwake kumatsamira kwambiri pa zimene womyang'anira kuchipatala alemba za iye. Womyang'anirayo akakhala waulesi, kapena wamantha, kapena wongobwera kamodzi pamwezi, munthu amene akanagwira ukaidi wa zaka ziŵiri angathe kukalambira kuseri kwa mpanda.

N'chifukwa chake tikunena kuti m'chipatala chotere utsogoleri wa madokotala ndi anamwino akuluakulu ndiwo maziko a zonse. Mbiri ya dzikolo itichitira umboni.

M'chaka cha 1967 wantchito wina wa pa chipatala cha Ely ku Cardiff anaulula kunyuzipepala kuti odwala akuzunzidwa ndi kuberedwa. Komiti yofufuza, imene wapampando wake anali Geoffrey Howe, inatulutsa lipoti lake mu 1969, ndipo inapeza chipatala chodzipatula, chotsalira, chopanda wochiwongolera. M'chaka cha 1979 wailesi ya kanema ya Yorkshire inaonetsa nkhanza za ku Rampton, chipatala cha chitetezo chokhwima ku Nottinghamshire, kumene kunali anthu ambiri opereŵera nzeru. Sir John Boynton atafufuza, mu 1980 ananenanso za kudzipatula ndi kusoŵa kwa utsogoleri, nalangiza kuti pakhale dokotala wamkulu wotsogolera chipatala chonse. Anthu anaganiza kuti phunziro laloŵa.

Silinaloŵe. Pa 31 May, 2011, pulogalamu ya Panorama ya BBC inaonetsa zimene mtolankhani wake anajambula mobisa pa Winterbourne View, chipatala cha kampani ya Castlebeck kufupi ndi Bristol. Chipatalachi sichinali cha opalamula okha, koma zitseko zake zinali zokhoma chimodzimodzi, ndipo okhalamo sakanatha kuthaŵa kapena kudzinenera. Anthu anaona odwala akumenyedwa makofi, akupanikizidwa pansi pa mipando, akuthiridwa madzi ozizira ndi kusiyidwa panja pozizira. Ozunzawo anali kuseka, monga anthu odziŵa kuti palibe wamkulu amene atulukire pakhomo. Boma linali kulipira mapaundi pafupifupi 3,500 pa sabata kwa wodwala mmodzi. Ndalama zinalipo, chosoŵa chinali china. Antchito 11 anavomera milandu yawo ndipo 6 anamangidwa mu 2012.

Chimene chimatiŵaŵa kwambiri pa nkhani imeneyi ndi chakuti chenjezo linaperekedwa. Namwino wamkulu Terry Bryan analembera akuluakulu a chipatalacho mu 2010, nakadandaulanso ku bungwe la Boma loyendera zipatala la Care Quality Commission. Sanamveredwe, kufikira anapita kwa atolankhani. Margaret Flynn, amene anatsogolera kafukufuku wa nkhaniyi, anasonyeza mu 2012 kuti chipatala chimene pa pepala chinali m'manja mwa akatswiri, m'zochitika chinali kuyendetsedwa ndi antchito othandizira amene analibe maphunziro okwanira. Kodi tingadabwe? Mpando wa mtsogoleri sukhala wopanda munthu. Mwini wake akapanda kukhalapo, amakhalapo ndi amene ali ndi mau aakulu ndi nkhonya yolemera.

Ena amati mankhwala ake ndi kuchulukitsa oyendera ndi mafomu. Ife sitikana kuti kuyendera n'kofunika, koma tikukana kuti n'kokwanira. Mu May 2019 Panorama yomweyo inaulula nkhanza zina pa Whorlton Hall ku County Durham, chipatala chimene oyendera a Boma anali atachilemba kuti n'chabwino. Pambuyo pake zinadziŵika kuti lipoti la woyendera wina la 2015, limene linatchula zovuta, silinatulutsidwe. Antchito anayi anapezeka olakwa mu 2023. Woyendera amabwera masana, apeza pansi pokolopa ndi mabuku olembedwa bwino, namwa tiyi, napita. Zimene zimachitika usiku wa Loŵeruka angazidziŵe ndi mtsogoleri yekha amene amakhala pamalopo. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'ofesi adziŵa m'mene anthu amasesera pabwalo akamva kuti kukubwera alendo.

Tsono mtsogoleri amene tikumfuna ndi wotani? Ndi amene amadziŵa wodwala aliyense ndi dzina lake, mlandu wake, ndi chimene chimamkwiyitsa. Munthu wopereŵera nzeru kaŵirikaŵiri satha kunena kuti dzino likumpweteka kapena kuti wasoŵa mai ake, amangoswa zenera. Mtsogoleri wabwino akaona m'buku kuti wodwala mmodzi wagwetsedwa pansi ndi antchito kasanu pa sabata, sasaina n'kutseka bukulo. Amafunsa chimene chinayambitsa, anali pa ntchito ndani, ndi chifukwa chimene zimachitikira pa nthaŵi ya anthu omwewo. Akaona kuti mankhwala ogonetsa akuwonjezedwa, amafunsa ngati akuchiza wodwala kapena akupumitsa antchito. Amaloŵa m'wodi usiku osalengeza. Makolo akanena kuti mwana wawo ali ndi zipsera, amawakhazika pansi ndi kuwamvetsera, chifukwa iwo anamdziŵa munthuyo asanakhale nambala ya pa failo. Ndipo wantchito wamng'ono akaulula choipa, mtsogoleri amaima pambali pake poyera, kuti ena onse aone. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu: wantchito wothandizira akamenya wodwala, funso loyamba lipite kwa amene anamlemba ntchito, namsiya wosaphunzitsidwa, ndi kusabweranso kudzamuona.

Pali mbali ina imene okonda kudzudzula zipatala amaiŵala. Anthu aŵa ena anachita zoopsa, ndipo kunja kuli amene anawapweteka. Sitigwirizana ndi amene amati zipatala zonse zokhoma zingotsekedwa ndipo aliyense abwerere kwao maŵa. Utsogoleri umafunanso kulimba mtima kouza banja ndi loya kuti munthuyu sanakonzeke. Chimene tikukana ndi kukhoma munthu popanda kumphunzitsa. Maphunziro oletsa mkwiyo, oletsa kuseŵera ndi moto, ndi ophunzitsa malire pakati pa mwamuna ndi mkazi alipo, okonzedwa ndi zithunzi ndi mau apafupi, obwerezedwa kufikira munthu atagwira. Wodwala amene wakhala zaka zisanu osalandira maphunziro otere sanalephere iye. Alephera ndi omsunga.

Kodi mtsogoleriyo ayenera kukhala dokotala basi? Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inasintha lamulo mu 2007, kulola kuti namwino, katswiri wa za maganizo, kapena wa zosamalira anthu, akavomerezedwa, akhale woyang'anira wamkulu wa wodwala. Ife tiona kuti anachita bwino, makamaka kwa anthu amene vuto lawo lalikulu silichizika ndi mapiritsi. Chofunika ndi chakuti pakhale munthu mmodzi wodziŵika dzina, amene sangaloze mnzake zinthu zikavuta.

Nkhaniyi isaoneke ngati ya kutali. Ana athu ambiri, anamwino ndi osamalira odwala, akugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira anthu ku Britain, ndipo ena adzakumana ndi chisankho chimene Terry Bryan anakumana nacho. Kuno kwathu nakonso mabwalo a milandu amatumiza anthu ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, ndipo mafunso omweŵa ayenera kufunsidwa ndi amene amasaina makalata otumizawo.

Pambuyo pa Winterbourne View, Boma la Britain linalonjeza kuti pofika pa 1 June, 2014, onse amene sanayenere kukhala m'zipatala zotere adzakhala atabwerera kufupi ndi kwao. Tsikulo linadutsa lonjezo lisanakwaniritsidwe. M'chaka cha 2024 ku England kunali kukali anthu pafupifupi 2,000 opereŵera nzeru kapena a vuto la autism m'zipatala za maganizo, ambiri atakhalamo zaka zingapo, ndipo ena mwa okhalitsa anali aja anafika kudzera m'bwalo la milandu.