Ndemanga: Ana a ku Migodi ndi Masamu Ofufuzira Matenda

Tawuni ya Springs, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Johannesburg m'dera la Ekurhuleni, inakula chifukwa cha migodi ya malasha kenako ya golide, ndipo mwa anthu amene ankalowa pansi pa nthaka m'migodi ya dziko la South Africa munali Amalawi ochuluka olembedwa ndi bungwe la Wenela, lomwe pambuyo pake kwawo ankangolitchula kuti Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chiwerengero chawo chinaposa 100,000, mpaka pamene ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70 obwerera kwawo, zomwe zinachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa kalemberayo. Ambiri anabwerera ndi njinga, wailesi ndi bulangete, koma m'mapapo mwawo munali fumbi la miyala lomwe limaumitsa mapapo ndi kutsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB.

Matenda ngati amenewa ndiwo ntchito ya phunziro lotchedwa masamu a zamoyo, lomwe limagwiritsa ntchito masamu pofotokoza mmene zamoyo zimachulukira, zimafalira ndi kutha. Katswiri wa phunziroli amagawa anthu m'magulu, monga amene sanadwale, amene akudwala ndi amene achira, kenako amalemba masamu osonyeza liwiro limene anthu amasamukira kuchoka m'gulu lina kupita m'linzake, njira imene akatswiri Kermack ndi McKendrick anaikhazikitsa mu 1927. Phindu lake linaoneka pa kafukufuku wa Thibela TB, pamene ogwira ntchito m'migodi ya golide oposa 78,000 anali m'madera ofufuzidwa, ndipo ambiri anapatsidwa mankhwala a isoniazid kwa miyezi 9 kuti apewe TB. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2014 zinasonyeza kuti matendawa sanachepe m'migodimo mankhwalawo atatha, ndipo anali akatswiri a masamu amene anathandiza kuunikira chifukwa chake, n'kusonyeza kuti njira imodzi yokha singagonjetse TB pamalo pomwe anthu amapatsirana matendawa mobwerezabwereza.

Funso loyenera kufunsa n'lakuti, kodi pakati pa akatswiriwa, adzukulu a anthu amene mapapo awo anapereka ziwerengerozo alipo angati? M'maiko monga America, nkhani yotsegulira khomo ophunzira osalidwa imakhudza mitundu yochepa m'dziko, pamene ku South Africa anthu akuda ndiwo ochuluka m'dziko koma kwa zaka zambiri anali ochepa m'makalasi a masamu apamwamba. Zimenezi zinakonzedwa dala, pakuti lamulo la Bantu Education la 1953 linaika ana akuda pa maphunziro otsika, ndipo Hendrik Verwoerd, nduna ya boma pa nthawiyo, ananena poyera kuti sankaona phindu lophunzitsa mwana wakuda masamu omwe sadzawagwiritsa ntchito. Lamulo lina la 1959 linawatsekera khomo la mayunivesite a azungu pokhapokha nduna italoleza.

Chitukuko chilipo ndithu. Sukulu ya AIMS, yomwe Neil Turok anaiyambitsa ku Muizenberg mu 2003, imalandira ophunzira masamu ochokera m'maiko ambiri a mu Africa ndi kuwalipirira zonse, ndipo likulu la SACEMA ku Stellenbosch lakhala likuphunzitsa achinyamata masamu ofufuzira miliri kuyambira 2006, moti mu 2020 linali m'gulu la akatswiri omwe ankalangiza boma za kufala kwa Covid-19. Koma makomo amenewa amatsegukira munthu amene ali kale ndi digiri, pamene mwana wa ku KwaThema, komboni yomwe inamangidwira anthu akuda a ku Springs m'zaka za m'ma 1950, amatsekeredwa kunja kale kwambiri asanafike pamenepo.

Khomolo limatsekeka kumapeto kwa Giredi 9, pa kapepala kamene mwana amabwera nako kunyumba kuti kholo lisainire maphunziro oti apitirize nawo. Kuyambira 2006, wophunzira wa Giredi 10 amasankha pakati pa masamu enieni ndi phunziro lotchedwa Mathematical Literacy, lomwe limaphunzitsa masamu a tsiku ndi tsiku monga kuwerengera chiwongola dzanja, msonkho ndi mapu. Phunziro lachiwirili si lachabe, koma sililola munthu kulowa digiri ya masamu kapena ya sayansi. Sukulu imene ikufuna kuti ana ambiri akhoze mayeso a Giredi 12, n'cholinga choti mbiri yake ikome, imakopeka kukankhira ana okayikitsa ku phunziro losavutalo, ndipo kholo lomwe lafika usiku kuchokera ku ganyu, lomwenso Chingerezi cha pakapepalapo chikulivuta, limangosaina pomwe lalozeredwa. Mwana wa zaka 15 amakhala watsanzikana ndi ntchito yomwe sanamvepo n'dzina lomwe, ndipo palibe yunivesite imene ingakonze zimenezi pomwaza timapepala toitanira ophunzira patapita zaka zitatu.

Mwana wa Mmalawi wokhala ku Joni amakumana ndi mpanda wina pamwamba pa umenewu, womwe ndi wa mapepala ndi ndalama. Thandizo la boma la NSFAS silifikira mwana amene akukhala m'dzikomo ndi chitupa cha kanthawi, ngakhale atabadwira ndi kuphunzira ku Springs komweko, ndipo bungwe la NRF, lomwe limalipirira maphunziro a kafukufuku, linasiyira ophunzira akunja gawo la 5 pa 100 lokha kuyambira 2021. Chodabwitsa n'chakuti pangano la maiko a SADC pa zamaphunziro, lomwe limalimbikitsa mayunivesite kusungira ana a maiko anzawo malo osachepera 5 pa 100 alionse, linasainidwa mu mzinda wa Blantyre mu 1997. Malo angasungidwe, koma popanda fizi ndi ndalama ya takisi amakhala opanda munthu.

Mtunda nawonso uli ndi mtengo wake. Pamene Pulezidenti Cyril Ramaphosa ankalengeza mu February 2020 kuti ku Ekurhuleni kudzamangidwa yunivesite ya sayansi ndi luso, derali linali mzinda waukulu wokhawo m'dzikomo wopanda yunivesite ya boma yakeyake, ndipo wophunzira wa ku Springs wofuna digiri ya sayansi ankayenera kuyang'ana ku Johannesburg kapena ku Pretoria. Yunivesite yotere ingachite bwino itaika masamu a zamoyo m'chaka choyamba, ndi kutumiza ophunzira ake m'masukulu a ku KwaThema kukaphunzitsa ana a Giredi 8 ndi 9 pogwiritsa ntchito ziwerengero za TB za m'zipatala za m'dera lawo lomwe. Makampani a migodi omwe anavomera mu 2018 kupereka marandi 5 biliyoni ngati chipepeso kwa odwala matenda a fumbi ndi TB, ndalama zomwe bungwe la Tshiamiso Trust likugawa, sangalephere kuikanso thumba lina lapadera lolipirira adzukulu a anthuwo maphunziro a masamu, mosayang'ana dziko lomwe lalembedwa pa pasipoti.