MTIMA WOTHANDIZA UYAMBIRA PA KHOMO

M'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa akuluakulu ali ndi dandaulo limodzi. Iwo anena kuti mjigo ukaonongeka, kapena msewu wopita ku cipatala ukakumbika ndi mvula, acinyamata ayamba afunsa za malipiro asanagwire khasu. Dandaulo limeneli si laling'ono, pakuti kalabu ya alimi, komiti ya madzi ndi nchito iriyonse yodzithandiza ziimira pa anthu olola kusenza katundu pamodzi. Koma asanadzudzule acinyamata, makolo ndi atsogoleri a nthambi m'midzi ayenera kufunsa kumene mtima wothandiza ucokera, ndiponso cimene ciukulitsa kapena kuufooketsa.

Coyamba kudziwa ndico cakuti mwana sabadwa wouma mtima. M'caka ca 2006 akatswiri awiri, Felix Warneken ndi Michael Tomasello, anayesa ana 24 a miyezi 18 mu mzinda wa Leipzig ku Germany. Munthu wamkulu anali kuyanika nsaru, nagwetsa copanira cace monga mwangozi, kapena anali kulephera kutsegula citseko ca kabati cifukwa manja ace anali odzaza. Ana 22 mwa iwo ananyamuka okha kukathandiza, popanda kuuzidwa ndiponso popanda kulonjezedwa kanthu. Amai a kumudzi sangadabwe nazo, pakuti iwo aona tsiku ndi tsiku kamwana kongoyamba kuyenda katagwira tsace, kapena katasenza kacitini ka madzi pambuyo pao.

Akatswiri omwewo anapezanso cinthu cina m'caka ca 2008. Ana a miyezi 20 amene anali kupatsidwa mphatso nthawi iriyonse akathandiza, anayamba kuthandiza pang'ono pamene mphatsozo zinaleka. Koma ana amene anali kungoyamikiridwa ndi mau, ndi ena amene sanapatsidwe kanthu, anapitiriza kuthandiza monga kale. Apa pali phunziro lalikuru. Kholo limene lipatsa mwana ndalama kapena switi pa kutumidwa kulikonse liganiza kuti limulimbikitsa, pamene limuphunzitsa kuti cithandizo ndi malonda. Mnyamata wofunsa malipiro pa mjigo wa mudzi wace kawirikawiri anayamba kuphunzira zimenezi ali wamng'ono.

Kugawana kuli kobvuta koposa kuthandiza, cifukwa wogawa ataya cina ca iye mwini, cotero kumakula pang'onopang'ono. M'caka ca 2008 Ernst Fehr ndi anzace anayesa ana 229 a ku Switzerland, a zaka 3 kufikira 8, powapatsa maswiti kuti asankhe kudya okha kapena kugawira mnzao. Mwa ana a zaka 3 ndi 4, ocepa kwambiri ndiwo analola kugawa. Mwa ana a zaka 7 ndi 8, pafupifupi theka anagawa mofanana. Motero mwana wa zaka zitatu wokana kunyema mbatata yace sali woipa, ndipo kum'menya sikufulumizitsa kukula kwace. Iye afunika kuona akulu akugawana, ndi kudyera m'mbale imodzi ndi anzace kufikira atazolowera.

Njira yofulumizitsa iripo, ndiyo nchito ya pamodzi. M'caka ca 2011 akatswiri a ku Leipzig anaika ana awiriawiri a zaka zitatu kuti akoke zingwe pamodzi kuti apeze timipira tosewerera. Mmodzi anali kulandira titatu, mnzace kamodzi kokha. Nthawi zambiri wolandira tambiriyo anali kupatsa mnzace kamodzi kuti alingane. Koma pamene timipirato tinangowagwera popanda kugwirira pamodzi, kugawana kunacepa. Makolo akale anadziwa zimenezi popanda mabuku. Dima, cidyerano ndi masanje a ana pambuyo pa kukolola zinali sukulu zophunzitsa kuti amene akhetsa thukuta pamodzi adyanso pamodzi, ndi kuti kupatsa nkuika.

Umboni wina ucokera ku Africa konkuno. Beatrice ndi John Whiting a ku Harvard anayerekeza ana a m'maiko asanu ndi limodzi, ndiwo Kenya, Mexico, Philippines, Japan, India ndi America, nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1975. Ana a Agusii a ku Kenya, amene anali kulera ang'ono ao, kutunga madzi ndi kuthandiza m'munda, anali pakati pa ana othandiza koposa. Ana amene analibe udindo weniweni pa banja anali ofuna kuthandizidwa ndi kuonedwa koposa kuthandiza ena. Mwana amene adziwa kuti banja lidalira nchito yace akula ndi maso oona zosowa za anzace.

M'dziko la Zambia muno nkhaniyi inafufuzidwanso. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anafunsa akuluakulu a m'midzi ya Acewa m'boma la Katete kuti anene mwana amene angamutume pa nchito yofunika, ndi cifukwa cace. Mayankho ao, amene anafotokozedwa m'buku lace la m'caka ca 1993, anaonetsa kuti kwa Acewa nzeru ziri ndi mbali ziwiri: kucenjera, ndiko kumva zinthu msanga, ndi kutumikira, ndiko kukhala womvera ndi wokhulupirika pa zimene ena amdalira. Wocenjera wosatumikira sayesedwa wanzeru, koma woopsa. Sukulu imene iyesa ana ndi mayeso okha, nkumaika mwana aliyense pa mpikisano ndi mnzace, ikulitsa mbali imodzi yokha. Njira ya Child-to-Child, imene inakhazikitsidwa pa Caka ca Ana ca 1979 ndipo inagwiritsidwa nchito m'masukulu a ku Mpika m'zaka za m'ma 1990, inaonetsa kuti mbali ziwirizi zingayendere pamodzi: ana a sukulu anali kuphunzira m'magulu ndi kuyang'anira thanzi ndi kakulidwe ka ang'ono ao kunyumba.

Komabe pali malire amene sayenera kulumphidwa. Kuphunzitsa mwana nchito nkosiyana ndi kum'dyera masuku pamutu. Mnyamata amene atha zaka akuweta ng'ombe za eni osaponda m'kalasi, mtsikana amene aletsedwa sukulu kuti alere makanda, ndi mwana amene athyola fodya wonyowa, amene ululu wace ulowa m'thupi kupyolera pa khungu, onsewa saphunzira cifundo. Iwo aphunzira kuti wamphamvu adyera wofooka. Kuyambira m'caka ca 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira ku sekondale, cotero cifukwa ca fizi cinacepa mphamvu. Nchito yoyenera mwana ndiyo yolingana ndi msinkhu wace, yosaononga thanzi lace, yosam'landa nthawi ya sukulu, ndiponso yogawidwa mofanana kwa anyamata ndi atsikana. Mnyamata amene sanatungepo madzi kapena kubereka mng'ono wace asowa phunziro limene mlongo wace walandira.

Pali cenjezo linanso. Ana a ku Switzerland aja, pamene anali kukula m'kugawana, anali kukulanso m'kukondera: anali kugawira msanga mwana wa sukulu yao koposa mwana wa sukulu ina. Mtima wogawana ukasiyidwa wokha uthera pa mpanda wa banja, mudzi kapena mtundu. M'dziko la mitundu yoposa 70, limene lasunga mtendere pa mau akuti Zambia imodzi, mtundu umodzi, bvuto limeneli siliyenera kupeputsidwa. Mwana amene amva makolo ace akunyoza Mnsenga, Mtumbuka kapena Mbemba pa nthawi ya nsima aphunzira kumene cifundo cace ciyenera kulekezera. Mwana amene aona mlendo akulandiridwa ndi kupatsidwa madzi aphunzira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Cotero udindo uli poyera. Makolo alole tiana kuthandiza ngakhale titaye madzi kapena kucedwetsa nchito, ndipo atiyamikire ndi mau m'malo mwa ndalama. Aphunzitsi apatse ana nchito za m'magulu zimene phindu lace ligawidwa kwa onse, monga dimba la sukulu. Mafumu ndi anyakwawa aonetsetse kuti palibe mwana amene ali ku dambo ndi ng'ombe pa nthawi ya maphunziro. Atsogoleri a nthambi akhale oyamba kufika ndi khasu pa nchito ya mudzi, ndipo akhale otsiriza kulandira pamene feteleza kapena cimanga ca cithandizo cigawidwa, pakuti ana aona zonse ndipo atsanzira zocita koposa zonena. Mudzi umene ufuna acinyamata odzakonza mjigo popanda kufunsa malipiro uyenera kuyamba ndi ana a zaka ziwiri amene ali pa khomo lero, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.