Lusaka wa usiku tizimujambula tokha, foni m'manja

Lowani pa Facebook kapena pa Instagram, musakile zithunzi za Lusaka usiku. Muzapeza zimodzimodzi: Kafue Roundabout kuchokela kumwamba, malaiti a mamotoka atasanduka mizele yofiila na yoyela, flyover ya pa Arcades, East Park Mall iwala, Findeco House itaima yokha pamwamba pa Cairo Road. Zambili anazijambula na drone, kapena na kamela yodula yoikidwa pa tripod. Ni zokongola, sitikana. Koma yang'anitsitsani. Mulibe munthu. Kalembela wa 2022 anapeza kuti mu Lusaka muli anthu opitilila 2 miliyoni, koma pa zithunzi izi pali chabe tala, magalasi na simenti.

Ife tikuti Lusaka wa usiku afunika kujambulidwa na ife amene tiyenda pansi, na foni yamene ija ili m'thumba, ngakhale ni yong'ambika galasi.

Ena azakamba kuti foni siikwanitsa mdima. Ni zoona pang'ono. Kukakhala mdima, kamela imasiya diso lake lotseguka nthawi yaitali kuti kuwala kulowe kokwanila, ndipo dzanja likangogwedezeka pa nthawi iyo, chithunzi chimatuluka mbuu. Koma ife tiona kuti vuto ili ndiye ubwino wake. Foni imakukakamiza kusendela pafupi na kuwala. Manje usiku mu Lusaka kuwala kumapezeka kuti? Pa mbaula ya amai ootcha chimanga. Pa kantemba kali na kababu kamodzi kolendewela pa waya. Mu booth ya mobile money yamene ikali yotsegula 20 hours. Pa michopo, utsi ukukwela kupyola mu laiti. Pa Kulima Tower, minibasi yothela ya ku Matero kapena ku Chawama ili kudzala, kondakita mau atasasa. Paliponse pali kuwala, pali munthu amene asakila ndalama. Drone imathawa anthu kupita kumwamba. Foni imakukankhila pakati pao.

Kagwilidwe kake sikafuna sukulu. Yambani mwapukuta galasi la kamela na malaya, chifukwa mafuta a m'zala ndiye amapangitsa malaiti kuoneka monga ali mu nkhungu. Flash izimeni: imafika mamita awili kapena atatu chabe, imayeletsa nkhope monga ufa, zonse za kumbuyo n'kusanduka bii. Gwilani foni na manja awili, zigongono zitsamile m'nthiti. Ngati pali polo ya malaiti, chipupa kapena motoka yoima, tsamilani pamenepo, thupi lanu likhale tripod. Tulutsani mpweya, ndiye mudinize. Ena amaika timer ya masekondi atatu kuti chala chisagwedeze foni podiniza, ndipo zimathandiza maningi.

Mafoni ambili masiku ano, ngakhale ma Tecno na ma Infinix amene tigwila ambili a ife, ali na night mode. Imene imachita ni kujambula zithunzi zingapo motsatizana mu masekondi ochepa, n'kuziphatikiza kukhala chimodzi chowala. Ndiye chifukwa imakuuzani kuti musagwedezeke. Koma samalani nayo, nthawi zina imawalitsa mopitilila mpaka usiku uoneka monga 16 hours. Dinizani pamalo powala kwambili pa sikilini, mutsitseko kuwala na chala. Mdima ukhale mdima. Ndipo osachita zoom na zala, yendani na miyendo.

Munthu akapita patsogolo panu n'kutuluka monga mthunzi, osafulumila kufuta. Njinga yamoto yodutsa, mwana wothamanga na chigubu, dzanja la kondakita likumenya chitseko, izi zikatuluka zosaoneka bwino ndiye zimaonetsa kuti tauni iyenda.

Nthawi yabwino kwambili ni yaifupi. Kuno tili pafupi na equator, dzuwa likalowa mdima siuchedwa. Mu June limalowa isanakwane 18 hours, mu January limafika cha m'ma 18:40. Mphindi 20 zotsatila, kumwamba kumakhala kukali kobiliwila koma malaiti ayaka kale, ndipo foni imagwila zonse ziwili popanda kuvutika. Imeneyo ndiye nthawi yoimilila pa Freedom Statue pa Independence Avenue, munthu uja wodula maunyolo amene anaikidwa mu 1974, kapena pa Cathedral of the Holy Cross. Ambili a ife tinabadwila kuno koma malo awa timawaonela pa windo ya minibasi. Nyengo ya mvula ndiye imapatsa zambili: tala ikanyowa, laiti iliyonse imaoneka kawili, ndipo ngakhale chithaphwi chamene titukwana m'mawa chimakhala galasi.

Koma nkhani yathu yaikulu si kukongola. Ni kukumbukila.

Tauni iyi isintha mofulumila kupambana mmene tiganizila. Inakhala likulu mu 1935, boma litachoka ku Livingstone, ndipo zithunzi zakale zambili zimene tiona ni za manyumba a boma na misewu yotakata, masana. Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, koma kwa ana a manje ili monga inalipo kuyambila kale. City Market inapsa mu July 2017. Mu January 2018, kolela itavuta, ogulitsa m'misewu anachotsedwa m'tauni, misewu n'kukhala pululu. Pa Munali na pa Makeni panamangidwa ma flyover, ndipo amene angakuuzeni bwinobwino mmene panali kuonekela kale achepa. Anthu amene anali kugulitsa pamalo awa madzulo, na makandulo ao m'mabotolo odula, ndani ali na zithunzi zao?

Ganizilani 2024. Chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, nthawi zina maola 20. Tonse tinadandaula, ndipo panali pake. Koma usiku uja unali na maonekedwe ake amene sitinawaonepo: komboni yonse bii, kuwala kuli chabe pa malasha, pa tumalaiti twa sola, pa tochi ya foni ya mwana wa Grade 12 amene awelenga, pa barbershop imodzi ya genset pamene anthu aunjikana kutchajitsa mafoni. Zaka 30 kutsogolo, mwana akazafunsa kuti load shedding inali bwanji, chithunzi cha mall yowala na genset sichizamuyankha. Chizamuyankha ni chija chosaoneka bwino chimene wina anajambula pakhomo ku Kanyama, amai ake akuphika nsima pa mbaula, mlongo wake atagwila tochi.

Tidziwa chimene muganiza: foni izapita. Mantha awa si abodza. Kutulutsa foni pa Lumumba Road kapena kumbuyo kwa Soweto usiku uli wekha ni kuitana akawalala na dzanja. Ndiye sitikuti mupite kukaonetsa ukatswili. Yendani atatu kapena anai, mmodzi ajambula, ena aona kumbuyo. Jambulani, bwezani foni m'thumba, zithunzi mukazionele kunyumba. Atsikana amene afuna kujambula tisawasiye kuti nkhani iyi ni ya anyamata, tiziyenda nao. Ndipo kuli bwino kuyambila kwanu, ku Mtendere, ku Kalingalinga, ku Chilenje, kumene ogulitsa tomato amakudziwani dzina na nyumba yamene muchokela. Kumeneko mulonda wanu ni komboni yonse. Malo ena osayesa n'komwe: State House, makampu a asilikali, na malo ena achitetezo. Kumeneko foni ingakugonetseni m'selo.

Chinanso chimene ise achinyamata timaphonya ni ulemu. Amai ali pa mbaula sanabwele kuzakongoletsa page yanu, abwela kusakila ya lendi na ya sukulu. Pelekani moni. Gulani chimanga chimodzi, muime nao pang'ono. Ndiye mufunse: "Amai, ningakukopeniko?" Akakana, zikomo, pitilizani. Akavomela, aonetseni chithunzi, ndipo ngati ali na WhatsApp atumizileni. Munthu woledzela amene wagwa m'ngalande, mtsikana woima pa kona, mwana wogona pansi pa flyover, awa sangakane bwino ndipo sangavomele bwino. Kuwaika pa intaneti kuti anthu aseke kapena akuuzeni kuti muli na mtima wabwino, uko ni kuwabela. Ngati nkhani yao ikuvutitsani, jambulani malo, makatoni na bulangeti, nkhope isiyeni.

Zikajambulidwa, osazisiya pa status chabe, pamene zimafafanizika pakapita maola 24. WhatsApp imachepetsanso chithunzi, ndipo cha usiku chikachepetsedwa chimaonongeka msanga. Sungani choyambilila pa memory card, pa laptop kapena pa Google Photos, mulembe deti na malo: Kabwata, pafupi na msika, August, 19 hours. Ngati amai aja anakuuzani dzina lao ndipo alola, lembani na dzina.