Lendi yaciwiri tilipira kwa ba kondakita

Caka catha ba landilodi anga ku Kamwala anakweza lendi, ine n'kunyamula matilesi ulendo wa ku 10 Miles. Nyumba ya kumeneko inachipa ndi K500 pa mwezi, ndipo ndinadziona wocenjera. Mwezi utatha ndinawerengera za basi: pafupifupi K1,000, osachula zouka 04:30 ndi kufika kunyumba anthu atadya kale nsima. Ku Kamwala ndinali kuyenda cabe pansi kupita ku nchito. Manje lendi ndilipira kawiri, ina kwa mwini nyumba, ina kwa ba kondakita.

Inu amene muwerenga izi mutapanikizana anayi-anayi pa mpando, kucokera ku Chongwe, Chilanga kapena Kabangwe, nkhaniyi muidziwa. Nanga n'cifukwa ciani wanchito wamba akhala kutali conco ndi nchito yake?

Lusaka itakhala likulu mu 1935, atsamunda anaikonza kuti ikhale ya mayadi aakulu ndi mitengo, anchito n'kuwaika m'mphepete. Atsamunda anapita, koma mapu awo anatsala. Ku Kabulonga, ploti imodzi n'nja banja limodzi. Pafupi pomwepo ku Mtendere, malo aakulu cimodzimodzi asunga mabanja ambirimbiri. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo pafupifupi 7 mwa anthu 10 alionse akhala m'makomboni. Nyumba zakale za ku Rhodes Park zisanduka maofesi, ise tithamangira mapuloti a kuchire kumene kulibe msewu ngakhale pompi. Mzinda ukula cam'mbali, ndipo mtunda uliwonse woonjezeka ulipiridwa ndi wokwera basi.

Ine ndikuti khonsolo ilole, ndiponso ilimbikitse, nyumba zosanjikiza pafupi ndi tauni ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu monga Great East, Great North ndi Kafue Road. Si zacilendo ai. Mafulati a ku Kabwata akhala zaka zambiri, ndipo okhalamo afika ku Kulima Tower ise tikali pa Kabangwe. Koma cilolezo cikhale ndi lamulo: womanga fulati aikemo nyumba zina za cipinda cimodzi kapena ziwiri, zimene nesi, malonda kapena mai wogulitsa ku Soweto angakwanitse. Apo ai, tidzangoona mafulati a lendi ya madola.

Ena adzati, "Kuunjika anthu ndiye kolera." Mantha awo ndi omveka. Tikumbukira za 2017 ndi 2018, ndiponso kuciyambi kwa 2024 pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala. Koma cimene cidwalitsa Kanyama ndi cimbudzi cokumba pafupi ndi citsime, pa nthaka ya miyala imene madzi asefukira mvula ikagwa. Mabanja 40 pa fulati ya suweji ndi madzi a pampopi ali bwino kuposa mabanja 10 a cimbudzi cimodzi. Conco mapaipi ndi ngalande ziyambe, njerwa zibwere pambuyo. Kuika mapaipi kwa anthu okhala pamodzi n'kochipa kuposa kuwatsatira mmodzi-mmodzi mpaka ku 15 Miles.

Mantha anga ali pena. Nthawi zonse akakamba zokonzanso Chibolya kapena Misisi, akamba za eni nyumba. Nanga wa lendi, amene alibe pepala lililonse? Ngati pulani siimuchula, buludoza ikadzabwera adzatipeza ku 10 Miles kuno, ndipo mzere wa basi udzatalika.

Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 lilamula khonsolo iliyonse kukhala ndi pulani ya citukuko ca dera lake, ndi kumva maganizo a anthu poikonza. M'mawodi muli makomiti a citukuko. Vuto n'lakuti msonkhano ukacitika pakati pa sabata masana, ise tili ku nchito, opezekapo ndi amene ali kale ndi mapuloti. Ba khansala, itanani misonkhano pa Ciweru, ndipo cidziwitso mucimate pa steshoni ya basi.

Inunso akwera-basi anzanga, ba khansala akabwera kudzapempha voti, musangofunsa za mabampu ndi mabohole. Afunseni kuti mu wodi yawo, nyumba za anthu a lendi zidzamangidwa pati, ndipo suweji idzafika liti.